Mmene mungasamalire wodwala amene akumwa mankhwala okhudza dopamini

Amalume anga atapezeka ndi matenda a Parkinson, matenda a mu ubongo amene amaumitsa thupi ndi kulinjenjemeretsa, udindo wosunga mapiritsi awo unagwera ine, chifukwa tinkakhala nyumba imodzi ku Chilenje. Tsiku lina anadandaula kuti akumva nseru, ndipo mwana wina wa pakhomo anathamangira kukawagulira mapiritsi oletsa kusanza pa kashopu kena kogulitsa mankhwala. Pasanathe masiku atatu, munthu amene ankayenda yekha mpaka pageti ankalephera kudzuka pampando, supuni inkaima m'malere isanafike pakamwa, ndipo mkono wawo ukagwidwa unkamveka wouma ngati mpini wa khasu. Tonse tinkati matenda akula. Dokotala atayang'ana kapaketi ka mapiritsi aja anapukusa mutu, nanena kuti tinawapatsa mankhwala otseka pamalo pomwepo pamene iye ankayesetsa kutsegula. Mapiritsiwo anali metoclopramide, ndipo atawasiya, amalume anabwerera mwakale pang'onopang'ono.

Zimene zinachitikazo zimachokera pa mfundo imodzi imene aliyense wosamalira wodwala wa Parkinson, wodwala matenda a maganizo, kapena mayi amene akumwa mankhwala a vuto la mkaka ndi msambo ayenera kuigwira bwino. Malo amene dopamini amagwirapo ntchito ali m'mbali zingapo za ubongo, ndipo piritsi likamezedwa silisankha mbali imene dokotala akufuna, limafika ponseponse. Dokotala amamuona wodwala kwa mphindi zochepa pa tsiku la ndemanga, lija lobwereranso kuchipatala kukaonedwa, pamene inu mumamuona m'mawa, masana ndi usiku, choncho ntchito yozindikira kuti mankhwala afikanso kumene sanatumidwe ndi yanu.

Yambani ndi kudziwa chimene mankhwalawo amachita

Dopamini ndi mankhwala achilengedwe amene maselo ena a mu ubongo amapanga ndi kutulutsa pofuna kutumiza uthenga kwa maselo anzawo. Uthengawo sumveka pokhapokha selo lolandira litakhala ndi timalo tapadera pamene dopaminiyo amafikira, timene madokotala amatitcha ma receptor, ndipo ine pano ndizititchula kuti zolandirira. Arvid Carlsson wa ku Sweden ndiye anasonyeza mu 1957 ndi 1958 kuti dopamini ndi mthenga payekha mu ubongo, ataona akalulu amene anaumitsidwa ndi mankhwala otchedwa reserpine akudzuka ndi kuyambanso kuyenda atapatsidwa levodopa, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2000. Mu 1960 Oleh Hornykiewicz wa ku Vienna anapeza kuti ubongo wa anthu amene anamwalira ali ndi matenda a Parkinson unali ndi dopamini wochepa kwambiri. Mu 1979 John Kebabian ndi Donald Calne anagawa zolandirira m'mitundu iwiri, D1 ndi D2, ndipo pofika 1991 zinali zitadziwika kuti zonse pamodzi zilipo zisanu.

Zisanuzi zili m'mabanja awiri. D1 ndi D5 zikalandira dopamini zimakweza mthenga wina wa m'kati mwa selo wotchedwa cAMP, pamene D2, D3 ndi D4 zimamutsitsa. Pa nkhani ya kuyenda kwa thupi mabanja awiriwa amathandizana, chifukwa pa D1 dopamini amalimbikitsa njira imene imayambitsa kuyenda, pamene pa D2 amamasula mabuleki a njira imene imaletsa kuyenda. Simukufunika kuloweza zonsezi pamtima. Chofunika n'chakuti pafupifupi mankhwala onse amene mudzakumane nawo m'zipatala za mu Lusaka amagwira kwambiri banja la D2.

Ine ndinazimvetsa bwino nditaganizira za minibasi imene ikudzaza anthu pa Kulima Tower. Mipando ndiyo zolandirira, ndipo dopamini ndi wokwera amene amakhala pampando ndi kulipira. Ndalama yakeyo ndiyo uthenga. Mankhwala monga haloperidol, chlorpromazine, fluphenazine, risperidone ndi olanzapine ali ngati munthu amene wakhala pampando koma salipira ndiponso sakutsika, moti wokwera weniweni amasowa pokhala. Mankhwala monga bromocriptine, cabergoline, pramipexole ndi ropinirole ndi alendo amene amakhala pampando ndi kulipira ngati kuti ndi dopamini. Levodopa sakhala pampando, koma akafika mu ubongo amasandulika dopamini, ndiye kuti amangochulukitsa okwera. Aripiprazole ndi wachilendo pang'ono, chifukwa amakhala pampando ndi kulipira theka.

Kafukufuku wojambula ubongo wa odwala amene anachitika ku Stockholm ndi ku Toronto anasonyeza kuti mankhwala otseka D2 amayamba kuthandiza pamene atenga mipando pafupifupi 65 pa mipando 100 iliyonse, koma akapitirira pafupifupi 80 thupi limayamba kuuma ndi kunjenjemera. Mpata wa pakati pa 65 ndi 80 ndi wochepa. Ichi ndi chifukwa chake simuyenera kuwonjezera piritsi mwa inu nokha poti wodwala wasokosera usiku, ngakhale anansi atadandaula motani.

Njira za dopamini zimene mudzaziona m'thupi la wodwala

Njira yoyamba imachokera ku kachigawo kakuda kotchedwa substantia nigra kupita ku striatum, ndipo imayendetsa thupi. Maselo ake akafa munthu amadwala Parkinson, ndipo zolandirira zake zikatsekedwa ndi mankhwala munthu amaoneka ngati wa Parkinson ngakhale maselo ake ali moyo. Njira yachiwiri imapita ku nucleus accumbens ndi madera oyandikana nawo, kumene kumachokera chilakolako, khama ndi kuzindikira kuti chinthu ichi n'chofunika. Njira imeneyi ikatakataka mopitirira, zinthu wamba zimayamba kuoneka ngati zili ndi tanthauzo lobisika, munthu amamva mawu amene ena sakuwamva, kapena amakhulupirira kuti wailesi ikunena za iye. Njira yachitatu imapita kutsogolo kwa ubongo, kumene munthu amakonzera zochita ndi kusunga maganizo pa chinthu chimodzi. Yachinayi ndi yaifupi, yochokera ku hypothalamus kupita ku kachiwalo kotchedwa pituitary, kumene dopamini amaletsa homoni ya prolactin imene imapangitsa mawere kutulutsa mkaka. Palinso kamalo kena kumunsi kwa ubongo kamene kamayambitsa kusanza, ndipo nakonso kali ndi D2. Apa ndiye pali chinsinsi cha nkhani ya amalume: metoclopramide amaletsa kusanza potseka D2, koma amalowanso mu ubongo ndi kukatseka D2 wa njira yoyendetsa thupi.

Pa Facebook anthu amakonda kunena kuti dopamini ndi mankhwala a chisangalalo, koma mawu amenewa amasocheretsa. Wolfram Schultz ndi anzake, poyeza ubongo wa anyani amene ankapatsidwa madzi a zipatso, anasonyeza m'zaka za m'ma 1990 kuti maselo a dopamini amatakataka kwambiri pamene mphoto yabwera mosayembekezeka kapena yaposa imene inkayembekezeka, ndipo amakhala chete pamene mphoto imene inkayembekezeka yalephera kubwera. Dopamini amaphunzitsa ubongo kufunafuna, osati kukhuta. Musaiwale mfundo imeneyi, chifukwa tidzaifuna tikafika pa nkhani ya njuga.

Lembani mankhwala onse, ndipo mudziwe mbali imene ali

Tengani kope la sukulu, lomwe lija la masamba 32 ndi lokwanira, ndipo patsamba loyamba lembani dzina la mankhwala aliwonse monga lalembedwera papaketi, mlingo wake, nthawi yomwera ndi tsiku limene anayambidwa. Musalembe kuti piritsi loyera laling'ono, chifukwa mwezi wamawa mankhwala omwewo akhoza kubwera achikasu. Ngati wodwala amabayidwa jekeseni ya pamwezi, monga fluphenazine decanoate imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Modecate, lembani tsiku la jekeseni iliyonse, ndipo dziwani kuti mankhwala a jekeseni yotere amakhala m'thupi kwa milungu ingapo, moti vuto likabuka silitha tsiku lomwelo. Lembaninso mankhwala azitsamba, a chimfine ndi ena alionse ogula pawokha. Kenaka funsani dokotala, namwino kapena wopereka mankhwala funso limodzi lolunjika: kodi mankhwala awa amatseka dopamini kapena amamuwonjezera? Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo funso limeneli silitenga ngakhale mphindi imodzi.

Wodwala wa Parkinson asapatsidwe metoclopramide, prochlorperazine, haloperidol kapena chlorpromazine dokotala wodziwa za matenda akewo asanavomereze. Lembani mayina anayiwa pachikuto cha kope, ndipo muwaonetse kulikonse kumene wodwala wapita, ngakhale atapita chifukwa cha malungo kapena kutsegula m'mimba. Ngati nseru yavuta, madokotala kawirikawiri amasankha domperidone, amene salowa kwambiri mu ubongo, koma nayenso ayenera kulembedwa ndi dokotala chifukwa amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Ngati wodwala akumwa mankhwala otseka D2

Mankhwala amenewa asintha miyoyo ya anthu ambiri kuyambira pamene chlorpromazine anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Paris mu 1952 ndi pamene haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958, ndipo munthu amene waona m'bale wake akusiya kulankhula yekha ndi kubwerera ku ntchito sangawanyoze. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake amabwera pa nthawi zosiyanasiyana, choncho kalendala ndi mnzanu.

M'masiku asanu oyambirira, kapena mlingo ukangokwezedwa, yang'anirani khosi, nsagwada, lilime ndi maso, makamaka ngati wodwalayo ndi mnyamata kapena bambo wachinyamata. Chimene chimachitika n'choopsa kuchiona: khosi limapindikira mbali imodzi ndipo silibwerera, lilime limatuluka kapena kumveka lolemera, nsagwada zimagwirana, ndipo maso amatembenukira kumwamba mpaka kungotsala koyera kokha. Wodwalayo amakhala akumva ndi kuzindikira zonse, ndipo amachita mantha kwambiri. Izi si khunyu ndipo si ziwanda. Ndi minofu imene yakokana chifukwa D2 watsekedwa mwadzidzidzi, ndipo madokotala amazitcha dystonia. Musayese kuwongola khosi ndi mphamvu, musamuthire madzi, ndipo musamupatse chakumwa ngati akulephera kumeza. Pitani naye msanga kuchipatala chapafupi, kaya ndi ku Matero, ku Chawama, ku Kanyama, ku Chipata kapena ku Chilenje, mutanyamula mankhwala ake, chifukwa pali jekeseni imene kawirikawiri imamasula minofu m'mphindi zochepa. Ngati kupuma kukumveka kothina, musadikire ngakhale kuti kuche. Zimenezi zimachitikanso kwa ana ndi atsikana amene apatsidwa metoclopramide chifukwa cha kusanza, ndipo n'chifukwa chake bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linalamula mu 2013 kuti mankhwalawa asamwedwe kupitirira masiku asanu.

Vuto lachiwiri ndi limene mabanja ambiri amalimva molakwika. Wodwala amalephera kukhazikika: akakhala pansi miyendo imangogwedezeka, amadzuka, amazungulira nyumba, amakhalanso, amadzukanso, ndipo mukamufunsa amati m'kati mwa miyendo muli chinthu chimene chikumukakamiza kuyenda. Dzina lake ndi akathisia. Achibale amaona ngati misala yabwerera ndipo amapempha kuti mankhwala awonjezedwe, pamene mankhwalawo ndi amene ayambitsa vutolo. Kusautsa kwake n'kwakukulu moti ena amafika poganiza zodzipha, choncho mukaliona musadikire tsiku la ndemanga. Njira yosiyanitsira ndi kufunsa wodwalayo mwaulemu ngati akuyendayenda chifukwa cha mantha ndi mawu amene akumva, kapena chifukwa miyendo yokha ikukana kukhala.

Pakapita milungu ingapo mukhoza kuona nkhope itauma ngati ya munthu amene sakumva nthabwala, manja osagwedezeka poyenda, mapazi okwekwereza pansi, dovu lotuluka ndi kunjenjemera kwa zala. Ambiri mu Lusaka amaona munthu woyenda chotere nanena kuti ndi wa ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, ngati kuti kayendedweko ndi matenda ake, pamene ndi chizindikiro chakuti mipando yotsekedwa yachuluka ndipo mlingo ukhoza kuunikidwanso. Dokotala akhoza kutsitsa mlingo, kusintha mankhwala, kapena kuwonjezera trihexyphenidyl, amene ambiri amamudziwa kuti Artane kapena benzhexol. Mapiritsi a Artane muwasunge pokhoma, chifukwa achinyamata ena amawamwa kuti aledzere, ndipo kwa okalamba amatha kubweretsa chisokonezo, kudzimbidwa ndi kuvuta kukodza.

Za prolactin wodwala sadzakuuzani yekha. Mtsikana amasiya kupita kumwezi, mawere amatuluka mkaka iye asali woyembekezera, mwamuna amatupa mawere kapena mphamvu za m'banja zimachepa, ndipo chifukwa cha manyazi amangosiya mankhwala mwakachetechete. Risperidone ndi haloperidol amachita zimenezi kawirikawiri. Nkhani yotere isafunsidwe ndi aliyense pagulu. Azakhali kapena agogo aakazi afunse mtsikana, amalume afunse mnyamata, monga mwa mwambo wathu. Msambo ukasiya, ayezetse kaye ngati ali ndi pakati, ndipo asaganize kuti poti sakusamba ndiye kuti sangatenge pakati.

Pakapita miyezi kapena zaka, yang'anani pakamwa pamene wodwala sakudziwa kuti mukumuyang'ana, monga pamene akuonera mpira. Ngati milomo ikuyenda ngati akutafuna kanthu kulibe, lilime likutuluka ndi kubwerera, maso akuphethira kwambiri kapena zala zikuyenda zokha, lembani tsiku ndipo mukanene. Imeneyi ndi tardive dyskinesia, imene imakonda okalamba ndi amayi, ndipo imatha kukhala yosatha ngati yachedwa kuzindikirika. Artane sathandiza pa vuto limeneli ndipo amatha kulikulitsa.

Pali chinthu chimodzi chimene sichichitika kawirikawiri koma chimapha. Wodwala akatentha thupi kwambiri, thupi lonse litauma gwa, akutuluka thukuta lambiri, mtima ukuthamanga ndipo akusokonezeka kapena kukomoka, musangoganiza za malungo n'kugula mankhwala a malungo. Musamupatse piritsi lotsatira, ndipo thamangirani naye ku chipatala chachikulu monga UTH kapena Levy Mwanawasa, mukanene pakhomo pomwe kuti akumwa mankhwala a maganizo. Madokotala amalitcha vutoli neuroleptic malignant syndrome, ndipo apa pokha ndi pamene wosamalira ayenera kuimitsa mankhwala asanaonane ndi dokotala.

Ngati wodwala akumwa levodopa kapena mankhwala otengera dopamini

Levodopa, amene anayamba kuthandiza odwala mooneka George Cotzias atasonyeza mu 1967 ku New York mmene angamwedwere, amabwera wosakanizidwa ndi carbidopa kapena benserazide kuti asasandulike dopamini asanafike mu ubongo. Dopamini weniweni sangadutse mpanda umene umalekanitsa magazi ndi ubongo, n'chifukwa chake samwedwa ngati piritsi la Parkinson. Chachikulu pa levodopa ndi wotchi. Matenda akamakula, ubongo umalephera kusunga dopamini, moti mphamvu ya piritsi imatha pakapita maola ochepa ndipo wodwala amauma mwadzidzidzi ngati magetsi azimitsidwa. Tcherani alamu pafoni, ndipo muonetsetse kuti foniyo ili ndi moto ngakhale pa masiku amene magetsi amapita maola ambiri. Wodwala akagonekedwa m'chipatala, pemphani anamwino mwaulemu kuti nthawi zake za kunyumba zisasinthe.

Chakudya chilinso ndi mbali yake. Levodopa amalowa m'magazi ndi mu ubongo kudzera pa njira yomweyo imene tizigawo ta zakudya zomanga thupi timadutsa, choncho nyama, kapenta, nyemba, mazira ndi mkaka zimatha kulimbirana naye njira. Ndi amalume tinkachita chotere: piritsi la 6 koloko m'mawa ankamwera madzi odzaza kapu, ndipo phala linkabwera pakatha theka la ola, masana piritsi linkatsogola nsima ndi theka la ola, kapena kutsatira pakatha ola limodzi. Ngati piritsi likuyambitsa nseru m'mimba mopanda kanthu, kachidutswa ka buledi kapena nthochi n'kokwanira. Musamumane wodwala ndiwo zomanga thupi, chifukwa odwala Parkinson amaonda msanga; ngati zikuoneka kuti zikufooketsa mankhwala, kambiranani ndi dokotala zosunthira ndiwo zoterezi ku chakudya chamadzulo. Mapiritsi owonjezera magazi amagwira levodopa m'mimba, choncho atalikirane ndi maola awiri, ndipo kudzimbidwa nakonso kumachedwetsa mankhwala, moti madzi ambiri, chibwabwa, repu ndi zipatso ndi mbali ya chithandizo.

Phunzirani kusiyanitsa kunjenjemera ndi kuvinavina. Kunjenjemera kwa Parkinson kumabwera dzanja likapuma pantchafu, chala chachikulu chikusisita chinzake ngati munthu akuwerenga ndalama, ndipo kumasonyeza kuti mankhwala achepa. Kuvinavina, kumene mapewa, mutu ndi chiuno zimagwedezeka mopindikapindika pakatha ola limodzi kapena awiri piritsi litamwedwa, kumasonyeza kuti mankhwala afika pachimake. Mukasokoneza ziwirizi mudzauza dokotala zosiyana ndi zimene zikuchitika, ndipo iye adzasintha mlingo molakwika. Njira yabwino ndi kujambula kavidiyo ka mphindi imodzi pafoni, wodwala atavomera, ndi kulemba nthawi imene piritsi lomaliza linamwedwa. Mankhwalawa amatsitsanso kuthamanga kwa magazi munthu akaimirira, choncho wodwala akhale kaye pamphepete mwa bedi asanadzuke, ndipo akayamba kuona anthu kapena tinyama timene kulibe, makamaka madzulo, mukanene m'malo momutsutsa.

Tsopano tibwerere kwa anyani aja. Pramipexole ndi ropinirole amakonda kwambiri D3, amene ali wochuluka m'njira ya chilakolako, ndipo kafukufuku wamkulu wa odwala Parkinson oposa 3,000 ku United States ndi ku Canada, amene anasindikizidwa mu 2010, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aliwonse amene ankamwa mankhwala a gulu limeneli anali ndi vuto lolephera kudziletsa pa njuga, kugula zinthu, kudya kapena kugonana. Aripiprazole nayenso amatha kuchita zomwezo. Mu mzinda umene munthu angathe kubetcha mpira ali chigonere pabedi, ndipo makina a njuga ali pafupi ndi malo omwera mowa m'makomboni ambiri, ngozi imeneyi si yakutali. Bambo amene moyo wawo wonse sanagwirepo njuga akayamba kubisa foni, kupempha ndalama za pafoni usiku, kapena kukongola kwa obwereketsa kaloba, musathamangire kunena kuti asintha khalidwe kapena alodzedwa. Musawachititse manyazi pamaso pa ana. Gwirizanani nawo kuti munthu wina wodalirika aziyang'anira ndalama za penshoni kwa kanthawi, ndipo mukauze dokotala mosabisa, chifukwa vutoli kawirikawiri limachepa mlingo ukatsitsidwa pang'onopang'ono. Mankhwala omwewa amatha kugonetsa munthu mwadzidzidzi masana, choncho woyendetsa galimoto ayenera kukambirana ndi dokotala asanabwerere pamsewu.

Amayi amene amapatsidwa bromocriptine kapena cabergoline chifukwa cha prolactin wochuluka adziwe kuti nseru ndi chizungulire zimachepa akamamwa piritsi pamodzi ndi chakudya usiku, ndiponso kuti mphamvu yobereka imatha kubwerera msanga, ngakhale msambo woyamba usanaoneke.

Kalongonda, mowa ndi chamba

Amene anakulira kum'mawa kapena ku Malawi amadziwa kalongonda, mbale wake wa chitedze, amene amaphikidwa nthawi yaitali ndi kutayidwa madzi kangapo chifukwa akapanda kutero amazunguza mutu. Chimene chimazunguza mutucho ndi levodopa weniweni, amene ali wochuluka m'nyemba zimenezi. Ku Mozambique, pa nthawi ya njala ndi nkhondo, anthu ambiri anasokonezeka mutu atadya nyembazi zosakonzedwa bwino, ndipo nkhaniyo inalembedwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1990. Ofufuza akuyesa ufa wa nyembazi ngati chithandizo cha Parkinson m'madera amene mapiritsi ndi odula, koma mphamvu yake imasiyana malinga ndi mbewu ndi kakonzedwe, choncho musauphatikize ndi mapiritsi dokotala asakudziwa, ndipo wodwala matenda a maganizo asauyandikire n'komwe. Ufa ndi timabotolo togulitsidwa pa intaneti ndi lonjezo lowonjezera dopamini nthawi zambiri timakhala ndi nyemba zomwezi.

Mowa, fodya, chamba ndi mankhwala ozunguza bongo monga cocaine zonse zimakweza dopamini m'njira ya chilakolako, ndipo zithunzi za ubongo wa anthu amene anazolowera mowa kapena cocaine zimasonyeza kuti zolandirira za D2 zimakhala zochepa, chimene chimathandiza kumvetsa chifukwa chake zinthu wamba zimasiya kuwakoma. Kwa wodwala amene amamva mawu, chamba chimabwezera m'mbuyo ntchito yonse ya mankhwala, ndipo mowa umawonjezera tulo ndi kugwa.

Mankhwala asathe mwadzidzidzi

Ubongo umazolowera mankhwala amene wakhala ukulandira, ndipo pamene D2 watsekedwa kwa nthawi yaitali, zolandirira zimatha kuchuluka kapena kukhala zomva msanga. Wodwala akasiya mankhwala tsiku limodzi poti wachira, kapena poti wauzidwa kumapemphero kuti ataye mapiritsi, matenda amatha kubwerera mwamphamvu pakapita milungu kapena miyezi. Wodwala Parkinson akasiya levodopa mwadzidzidzi amatha kuuma thupi lonse, kutentha thupi ndi kulephera kumeza, zimene zimafanana ndi vuto lakupha lija. Ine sinditsutsa pemphero, ndipo amalume ankapemphereredwa mlungu uliwonse, koma mapiritsi ankamwa pa nthawi yake. Werengani mapiritsi Lamlungu lililonse, ndipo akatsala a masiku khumi yambani kufunafuna ena, chifukwa levodopa sapezeka nthawi zonse pamalo amodzi. Funsaninso ngati khadi la NHIMA, bungwe la boma la inshuwaransi ya zaumoyo, lingathandize kumene mukukatenga. Ngati wodwala akupita kumudzi ku Petauke kapena ku Katete kukakhala mwezi, anyamule okwanira ulendo wonse ndi ena apadera.

Pa tsiku la ndemanga, kaya ndi ku Chainama Hills, ku UTH kapena ku kiliniki ya kwanu, apite ndi munthu amene amakhala naye tsiku ndi tsiku, osati m'bale amene wangopezeka kuti ali ndi galimoto. Nyamulani kope, mapaketi onse ngakhale opanda kanthu, ndi timavidiyo tija. Usiku wake sankhani zinthu zitatu zimene zavuta kwambiri ndipo muzilembe ndi masiku ake, motere: pa 3 khosi linapindika patatha maola anayi atamwa piritsi, pa 11 anagwa podzuka kupita kuchimbudzi, kuyambira pa 15 sakukhazikika pampando. Mulole wodwala ayambe kulankhula yekha, inu muwonjezere pambuyo, ndipo ngati pali nkhani ya njuga kapena ya m'banja imene sangathe kuinena inu mulipo, tulukani panja kwa mphindi zingapo. Vuto lililonse lobwera ndi mankhwala likhoza kulembedwa pa fomu imene imatumizidwa ku ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo mukhoza kupempha wachipatala kuti atero. Musanatuluke m'chipinda, bwerezani mokweza mlingo watsopano ndi nthawi zake kuti dokotala amve ngati mwamva bwino, ndipo mulembe m'kope tsiku lobweranso pamodzi ndi kumene mungapite ngati vuto litabuka usiku.